Tikagona Kuti ku Kabula? Kambiri ka Mahotela a mu Blantyre

Funso loti "ndikufuna ndikapitidweko mphepo ku Blantyre wikendi ino, malo abwino ogona ndi ati?" ndi latsopano kuposa mmene ambirife timaganizira. Lero timangoliponya pa gulu la WhatsApp, mayankho n'kuyamba kugwa. Wina atumiza nambala ya loji ya ku Namiwawa, wina zithunzi za dziwe losambiramo, wina n'kuchenjeza kuti uko usayerekeze, madzi otentha kulibe. Koma mzinda uwu unayamba mu 1876, ndipo pa zaka pafupifupi 150 zimene wakhalapo, zoposa theka zinatha munthu wakuda alibe mpata wofunsa funso lotere. Pogona ankachita kumulozera.

Ine ndimakonda mbiri ya nyumba ndi misewu. Ndikamayenda m'tauni ya Blantyre ndimaona kuti zitseko za mahotela ake zakhala zikutsegulidwa ndi makiyi osiyanasiyana. Poyamba kiyi anali khungu. Kenako anali udindo. Lero ndi thumba. Ukaidziwa mbiri imeneyi umamvetsa chifukwa chake ena a ife timachitabe kamantha tikafika pa geti ya hotela ngakhale ndalama tili nazo. Umathanso kusankha bwino pogona, chifukwa umadziwa kuti malo aliwonse anamangidwira ndani.

Mlendo ndi mame

Makolo athu analibe nyumba yolipiritsa tulo. Wapaulendo dzuwa likamulowera ankapatukira pamudzi, n'kukaonekera kwa mfumu. Ankamupatsa madzi, nsima ndi mphasa. Ngati ndi mnyamata ankamulozera ku mphala kapena ku gowelo kuti akagone ndi anzake. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye palibe ankaona chifukwa chomuwerengera mtengo wa usiku umodzi. Malipiro ake anali nkhani za kumene akuchokera.

Nayo wikendi ndi yobwera. Tangomvetserani mayina a masiku athuwa. Lolemba ndi tsiku limene kapitawo ankalemba anthu ntchito. Lachiwiri mpaka Lachisanu tikungowerenga masiku ogwira ntchitoyo. Loweruka ndi tsiku loweruka, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankaweruka masana, atagwira kaye m'mawa wonse. Lamulungu ndi la ku tchalitchi. Sabata yathu inapangidwa ndi esiteti, sitolo ndi mishoni. Mwa masiku asanu ndi awiriwo mulibe limene linaikidwa kuti munthu akangokhala penapake n'kumadya ndalama zake.

Kwa Mandala

Pa 23 Okutobala 1876 amishoni a Church of Scotland anakhazikika m'dera la mfumu Kapeni, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Malowo anawasankha Henry Henderson mothandizidwa ndi womasulira wake Tom Bokwito, ndipo anawatcha Blantyre potengera mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Ife timati Kabula.

Chimene chinasandutsa mishoniyi kukhala malo ofikira alendo ndi mtsinje wa Shire. Sitima zochokera kunyanja yamchere zinkakwera Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Kuchoka apo mathithi sankalola. Anthu ndi katundu ankatsika, n'kukwera mtunda wapansi kudzera ku Blantyre mpaka ku Matope, kumene ankakwera sitima ina yopita kunyanja yathu. Choncho aliyense wopita kumpoto ankayenera kugona ku Blantyre.

Kampani imene inkayendetsa ulendowu ndi African Lakes, imene inayamba ku Glasgow mu 1878 ndipo kuno ankaiyang'anira abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi, ndiye anthu anangomutcha Mandala. Dzinalo linamatirira kampani, sitolo zake, nyumba yake ya mu 1882 imene ilipo mpaka lero, ndi dera lonselo. Mzungu wapaulendo ankafikira ku mishoni kapena kwa Mandala, n'kupatsidwa bedi ndi chakudya.

Nanga amene anamunyamula? Paja bwanayo ankabwera atagona m'machila, amuna akusinthana mapewa, kumbuyo kuli mzere wa amtengatenga aliyense atasenza katundu wolemera makilogalamu opitirira 20. Ambiri ankasenza kuti apeze ya msonkho wa nyumba, umene boma la atsamunda linayambitsa m'zaka za m'ma 1890. Amenewa ankagona panja kapena m'misasa, atazungulira moto. Pa ulendo umodzi womwewo panali wogona pabedi ndi ogona pansi, ndipo chowasiyanitsa chinali khungu. Bizinesi yogoneka alendo mu Blantyre inayamba motero.

Njanji ndi Mayi Ryall

Njanji ya Shire Highlands Railway inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe. Limbe anakula ngati tauni payekha, ya njanji, fodya ndi sitolo za amwenye, mpaka anadzaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. N'chifukwa chake mpaka lero mzinda uwu uli ndi mitima iwiri, ndipo wosankha pogona amayenera kuyamba wadzifunsa kuti akufuna mtima uti. Hotela yakale ya Shire Highlands ku Limbe ndi mwana wa nthawi imeneyo: wotsika sitima ankafuna bedi pafupi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 mayi wina wachizungu, Louisa Ryall, anatsegula hotela m'katikati mwa Blantyre. Nthawi yake inali yabwino. Mu 1922 njanji yochokera ku doko la Beira inafika pa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana utatha munthu ankatha kuchoka ku Beira mpaka ku Blantyre osatsikira m'boti. Alendo anachuluka: eni maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje obwera ku banki, ogula fodya, akuluakulu a boma ochokera ku Zomba, ogulitsa katundu ochokera ku Salisbury. Ryalls inakhala bwalo lawo. Ilipobe, pa msewu wa Hannover Avenue, ndipo ndi imodzi mwa mahotela akale kwambiri m'dziko muno.

Munthu wakuda ankalowamo ndithu m'mahotela a nthawi imeneyo, koma ankalowera khomo la kuseri. Iye ndiye ankaphika, kuchapa, kusita, kuyala bedi, kuperekera tiyi atavala zoyera. Ankadziwa kukoma kwa chilichonse cha pa tebulo popanda kukhalapo pa tebulopo. Tsankho limeneli silinkafuna chikwangwani pakhomo. Aliyense ankangodziwa malire ake, monga zinalili ku makalabu a azungu ndi m'mabogi a sitima.

Ena onse ankagona kuti?

Tauni inamangidwa ndi maganizo oti munthu wakuda azibwera m'mawa kudzagwira ntchito, madzulo n'kumapita. Wololedwa kugona kumayadi anali wantchito wa m'nyumba, m'kanyumba ka kuseri kamene mpaka lero timati boyizi kota. Ena onse ankakhala m'midzi yozungulira tauni, n'kumayenda wapansi mbandakucha. Ndirande anakula choncho, ndipo kukula kwake kunali kwa anthu odzimangira okha, popanda mapulani a boma.

Panali malo ena aakulu ogonekapo anthu akuda, koma sanali a tchuthi. Depoti ya mabasi imene timaitcha Wenela inatenga dzina ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene linkalemba amuna ntchito ya ku migodi ya ku Joni. Amuna ochokera m'maboma osiyanasiyana ankasonkhana, kuyezedwa m'thupi, kudinda chala, n'kudikira tsiku lonyamuka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ambiri ankapita pa ndege kudzera ku Francistown. Mu Epulo 1974 ndege ina ya Wenela inagwa ku Francistown komweko n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa ntchito yolemba anthuyo. Kwa agogo athu ambiri, usiku wawo woyamba mumzinda unali wa pamzere wotere, atatsamira kathumba ka zovala.

Ndipo panali abale. Iyi ndiye hotela yaikulu kuposa zonse m'mbiri ya Blantyre, ndipo sinatsekedwepo. Wobwera ku chipatala cha Gulupu, wodzafuna ntchito, wodzalemba mayeso, wodikira basi ya mawa, onse ankafikira kwa amalume ku Ndirande kapena kwa azakhali ku Zingwangwa. Ine ndinakulira m'nthawi yoti ukapita m'tauni umagona pabalaza, mipando ataikankhira kukhoma, ana a pakhomopo atakupanikiza uku ndi uku, m'mawa n'kudzuka msanga kuti eni nyumba adutse. Palibe ankadandaula poyera. Mwambo wa mphala uja unangosamukira m'tauni. Koma unabala maganizo amene tikulimbana nawo mpaka pano, oti munthu wolipira pogona m'tauni mmene muli abale ake ndi wonyada, kapena ali ndi chimene akubisa.

Nkhomaliro ya pa 26 Januwale 1960

Tsiku limene Ryalls inatchuka dziko lonse lapansi, nkhani inachitikira panja pake.

Kumbukirani mmene zinthu zinalili. Dziko linali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953, ndipo anthu sankachifuna. Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, Kamuzu anatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo, ndipo mazanamazana a otsatira Congress anatsekeredwa, ambiri ku kampu ya Kanjedza ku Limbe. Amenewo ndiwo malo ogona amene boma linakonzera anthu akuda chaka chimenecho.

Mu Januwale 1960 nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, anali pa ulendo woyendera maiko a mu Africa. Pa 26 anafika ku Blantyre, ndipo akuluakulu a tauni anamukonzera nkhomaliro ku Ryalls. Iye akudya m'katimo, panja panasonkhana khamu, achinyamata ambiri, atanyamula zikwangwani zofuna kuti Kamuzu atulutsidwe. Apolisi anayamba kukankhana nawo, kulanda zikwangwani, kugwira ena. Atolankhani a ku London amene ankayenda ndi Macmillan anali pomwepo, ndipo m'mawa mwake nyuzipepala za kwawo zinadzaza ndi nkhani yoti apolisi achizungu achita nkhanza kwa anthu pamaso pa nduna yaikulu.

Boma linakhazikitsa kafukufuku wotsogozedwa ndi jaji Southworth. Lipoti lake linaikira kumbuyo apolisi n'kudzudzula atolankhani kuti anakokomeza. Linafika ponyoza kuti magazi onse amene anakhetsedwa tsikulo sakanadzaza ngakhale kasupuni kakang'ono. Koma pofika nthawi imene lipotilo linkatuluka, mphepo inali itatembenuka kale. Pa 3 Febuluwale Macmillan anauza nyumba ya malamulo ya ku Cape Town kuti mphepo ya kusintha ikuwomba mu Africa. Pa 1 Epulo Kamuzu anatulutsidwa.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhani imeneyi ndi mmene anthu anaimira. Olamulira ali m'kati pa tebulo, eni dziko ali pamsewu, pakati pali khoma la hotela. Achinyamata aja anali amsinkhu wa ambiri a inu amene mukuwerenga izi pafoni. Sankamenyera nkhomaliro ayi, koma mwa zinthu zimene anapambana munali ufulu wolowa pakhomo lakutsogolo lija. Mukamadutsa pa Hannover Avenue muziyang'anako kawiri.

Kiyi wachiwiri: udindo

Ufulu wodzilamulira utabwera pa 6 Julayi 1964, khungu linasiya kukhala kiyi. Boma latsopano linkafuna mahotela ake oti lizilandiriramo alendo, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 linamangitsa Mount Soche, nyumba yosanja ya makono, yotchedwa dzina la phiri lathu. Imayang'ana msewu wa Glyn Jones, dzina la bwanamkubwa womaliza wa atsamunda. Likulu litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, nakonso kunamangidwa Capital Hotel. Mahotela a boma amenewa ndiwo anadzakhala Sunbird, kampani imene inalowa pa msika wa masheya mu 2002, ngakhale boma ndi limene lili ndi gawo lalikulu.

Tsono ndani ankagonamo? Nduna, akazembe, akuluakulu a makampani monga Press ndi ADMARC, alendo a boma, akatswiri ochokera kunja. Mmalawi ankagona mu hotela akatumidwa, bilu n'kupita ku ofesi. Mphunzitsi kapena kalaliki akayenda pa ntchito ankafikira ku resitihausi ya boma kapena ya khonsolo. Inalinso nthawi yoti pa bala ya hotela umayankhula utayang'ana kaye kumbuyo, chifukwa sunkadziwa kuti wakhala pafupi nawe akumvera ndani. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa pa bwalo la ndege asanaone n'komwe hotela yake.

Zipani zambiri zitabwera mu 1994, mabungwe omwe si aboma anachuluka, ndipo nawo anabwera ndi mawekishopu. Apa m'pamene Amalawi ambiri a m'badwo wa makolo athu analowera koyamba mu hotela: atavala kabaji pachifuwa, tiyi wa 10 koloko, nkhomaliro yodzitengera wekha, madzulo kusaina alawansi. Ndipo tonse tikudziwa zimene zinkachitika ndi alawansiyo. Munthu ankalandira ndalama ya malo ogona, n'kukagona kwa mlamu wake ku Chilomoni, ndalamayo n'kulipirira fizi ya mwana. Sindimuweruza. Malipiro anali ochepa, ndipo hotela kwa iye inali malo a ntchito, osati opumulirako.

Mbiri yoipa ya resitihausi

Pansi pa mahotela akuluakuluwo panali maresitihausi a anthu wamba, ozungulira madepoti ndi misika. Chipinda cha bedi limodzi, babu limodzi, chimbudzi ndi bafa zapanja, loko wobwera naye wekha. Ankathandiza kwambiri amalonda ochokera kutali ndi anthu amene basi yawasiya. Koma ambiri anali kuseri kwa mabala, ndipo zipinda zina zinkalipiridwa pa ola. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, Edzi itayamba kutha anthu, dzina loti resitihausi linada kwambiri. Mtsikana woonedwa akutuluka m'malo otere ankakhala nkhani ya mudzi wonse, ngakhale atangogona podikira basi ya ku Mzuzu.

Manyazi amenewa sanathe. Achemwali ambiri amandiuza kuti akafika okha pa loji n'kupempha chipinda, wolandira alendo amayang'ana kaye kumbuyo kwawo ngati kukubwera wina wolipira. Banja lokwatirana bwinobwino limachita kuganiza kawiri kuti likauza bwanji apongozi kuti anawo tawasiya kwa inu, ife tikukagona ku hotela, pamene nyumba tili nayo. Eti nanga ndi misala?

Kiyi wachitatu: thumba

Zinthu zitatu zasintha m'zaka zapitazi. Choyamba, nyumba zambiri za kumayadi, ku Namiwawa, Sunnyside, Nyambadwe ndi Mount Pleasant, zinasandutsidwa maloji. M'madera amene agogo athu ankagona ku boyizi kota, lero umatha kubwereka chipinda chachikulu cha bwana uja, cha bafa lake momwemo, pa mtengo wotsika kuposa wa hotela. Chachiwiri, foni. Zithunzi, mitengo ndi ndemanga za amene anagonapo zili m'manja mwako, ndipo umalipira pa Mpamba kapena Airtel Money usananyamuke. Chachitatu, mliri wa Covid-19. Mu 2020 ndege zitaima ndi misonkhano italetsedwa, mahotela anatsala ndi zipinda zopanda anthu, ndipo anatembenukira kwa ife eni dziko ndi mitengo yotsitsa. Ambiri anazindikira nthawi imeneyo kuti Mmalawi naye ndi kasitomala.

Koma tisanamizane, kiyi wachitatuyu ndi wolemera. Mahotela akuluakulu amawerengera mitengo yawo ku dola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengoyo inalumpha pamene malipiro a anthu sanakwere mofanana. Kwa Amalawi ochuluka, usiku umodzi mu hotela yapamwamba ndi ndalama ya mwezi wathunthu kapena kuposa. Khomo lakutsogolo ndi lotsegula kwa aliyense, inde, koma olowapo akadali ochepa.

Ndiye tisankhe bwanji?

Kwa amene mwasunga kangachepe ndipo mwatsimikiza kuti wikendi ino ndi yanu, mbiri yonseyi ili ndi phindu lake.

Yambani ndi dera, osati zithunzi. Blantyre ndi Limbe atalikirana makilomita angapo, ndipo msewu wa Masauko Chipembere umadzaza m'mawa ndi madzulo. Ngati mukufuna kuyenda wapansi n'kumaona tauni yakale, gonani m'katikati mwa Blantyre. Kuchokera pamenepo mutha kufika ku tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene amisiri akuda anamanga ndi njerwa zoumba okha pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo zomangamanga. Mutha kutsika Victoria Avenue, n'kukafika kwa Mandala, kumene anthu a John Chilembwe anathyola nyumba yosungira mfuti mu Januwale 1915. Ngati mwabwerera mpira pa Kamuzu Stadium, kugula zinthu, kapena kukaona nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri ndi injini zake zakale za sitima, funani malo a pakati, cha ku Chichiri komweko. Ngati mukufuna bata, mitengo ndi mbalame, pitani ku maloji a kumayadi, koma muwerengeretu ya takisi, chifukwa minibasi sizilowa m'misewu imeneyo ndipo usiku kabaza si wodalirika.

Kumbukirani kuti mahotela akuluakulu anamangidwira anthu a misonkhano. Amadzaza Lolemba mpaka Lachinayi, Lachisanu mabwana n'kubwerera kwawo. Ndiye imbani foni, mufunse ngati ali ndi mtengo wa wikendi komanso mtengo wa eni dziko. Musachite manyazi. Bedi lopanda munthu siliwapindulira kanthu, ndipo safunsa anadya phula. Mufunsenso ngati mtengowo ukuphatikiza kadzutsa ndi misonkho, kuti musadzadzidzimuke pa tsiku lotuluka.

Funsani za Loweruka. Mahotela ndi maloji ambiri amapezera ndalama ku maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ngati chipinda chanu chayang'ana pa kapinga pamene pali perekaniperekani, mudzagona zikatha. Lamulungu m'mawa maholo ena amabwerekedwa ndi mipingo ya zokuzira mawu. Wofuna tulo apemphe chipinda cha kutali ndi holo.

Funsani za magetsi ndi madzi. Ali ndi jenereta kapena sola? Imayatsa zipinda kapena polandirira alendo pokha? Ali ndi thanki? Blantyre ali pamtunda ndipo madzi ake ambiri amachita kupopedwa kuchokera ku Shire, ndiye magetsi akavuta mipopi nayo imauma. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika, madzi otentha ndi bulangete lachiwiri zimaposa dziwe losambiramo. Mu Okutobala funsani za fani ndi neti ya udzudzu.

Za zithunzi, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Werengani ndemanga zaposachedwa, makamaka za Amalawi anzanu, chifukwa malo ena amalandira bwino mlendo wakunja n'kumuyang'ana Mmalawi kuyambira ku nsapato. Kachitidwe kameneko ndi kotsalira ka kiyi woyamba uja, ndipo sitiyenera kukalipira ndi ndalama zathu. Musatumize ndalama ku nambala imene mwangoiona pa Facebook musanatsimikize kuti malowo alipodi ndipo ali ndi chiphaso. Ngati muli ndi mnzanu m'tauni, mutumeni akasuzumireko.

Nanga abale? Langizo langa ndi loti muwauze. Blantyre ndi wamng'ono, mukabisa adzakuonani pa Chichiri mutanyamula majumbo. Pitani mukawaone Loweruka masana, mutenge shuga ndi buledi, mudye nawo nsima, kenako mutsanzike. Azakhali adzadandaula pang'ono kuti mwataya ndalama pamene malo alipo. Koma ana awo amene akanasamutsidwa pabedi adzakudalitsani chamumtima.

Ndipo ngati thumba silikulola kugona mu hotela yaikulu, palibe lamulo loletsa kulowamo. Gonani ku loji yotsika mtengo, koma masana mukalowe pa khomo lakutsogolo la imodzi mwa mahotela akalewa, mukhale pansi, muitanitse tiyi kapena botolo limodzi la chakumwa, muone zithunzi zakale ngati zapachikidwa m'makoma. Simukupempha chifundo kwa munthu.

Chinthu chimodzi chokha sichinasinthe kwenikweni kuyambira nthawi ya Mayi Ryall. Amene adzakuyalireni bedi, kukuphikirani mazira ndi kukutsegulirani geti pakati pa usiku amachokerabe ku Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Chirimba, ndipo ambiri amadzuka kusanache kuti afike pa nthawi. Ambiri a iwo sanagonepo m'chipinda chimene amakolopa tsiku ndi tsiku. Apatseni moni wa ulemu, muwatchule kuti achimwene, achemwali, amayi, abambo. Powerengera ndalama za ulendo wanu, muikemo kangachepe kowasiyira m'manja potuluka.